Wa ndalama akadwala maganizo ndege imadikira. Nanga ife?

Asisi, nkhani ya lero poyamba imveka ngati ya maloya okhaokha. Musaidumphe, ikutikhudza.

Mwezi watha tinali kumapiri a ku Ntchisi, pa msonkhano wa azimayi a banki m'khonde. Titamaliza za masheya ndi ngongole, mayi wina wachikulire anatiimitsa tisanapinde mphasa. Mwana wawo wamkazi anakhapidwa ndi mwamuna wake. Anapulumuka, koma dzanja limodzi siligwiranso khasu. Mwamunayo anathawa usiku womwewo, ndipo anthu akuti anawoloka malire.

"Ana anga," anatero mayiwo, "inu mwapita kusukulu, tandiuzani. Munthu akawoloka malire ndiye kuti mlandu wathera pompo?"

Tisanayankhe, mtsikana wina anaponyapo: "Olo amugwire, angonena kuti mutu sukuyenda bwino, basi amusiya. Ndi zimene amachita anthuwa."

Ena anaseka. Mayi aja sanaseke. Mwana wawo sagona usiku. Chitseko chikangogunda amadzidzimuka n'kuyamba kunjenjemera. Chikhapidwireni, anthu amufunsa za bala, za chikwanje, za ola limene zinachitika. Palibe amene wamufunsa za mutu wake.

Pobwerera mumsewu wa Mponela tinakangana njira yonse. Pamene tinafika ndi apa: thanzi la m'maganizo liyenera kuwerengeredwa munthu asanatumizidwe dziko lina kukayankha mlandu. Pamenepo sitikugwedezeka. Chimene tikukana ndi chakuti lero likuwerengeredwa kwa anthu amtundu umodzi basi, amene ali ndi ndalama, maloya ndi dzina. Enafe maganizo athu sakwera n'komwe pa sikelo.

Tiyambe ndi momwe zimayendera. Munthu akapalamula kuno n'kuthawira dziko lina, apolisi athu sangangoliza galimoto n'kukamutenga. Boma lathu liyenera kupempha boma la kumeneko kuti limupereke. Azamalamulo amati extradition. Pempholo limadutsa kwa nduna, kenaka kukhoti, kumene woweruza amaona ngati umboni ulipo komanso ngati malamulo akulola. Wothawayo ali ndi ufulu wokana ndi wochita apilo. Kuno tili ndi lamulo lotchedwa Extradition Act, ndipo maiko a SADC anasainirana pangano pa nkhaniyi mu 2002. Izi n'zosiyana ndi kudipota, kumene a imigireshoni amangokukweza basi kapena ndege chifukwa mapepala ako sali bwino.

Nanga maganizo amalowa pati? Pali mafunso atatu amene khoti labwino limafunsa. Kodi munthuyu angathe kutsatira zimene zikunenedwa m'khoti n'kumvana ndi loya wake? Kodi akamunyamula sakadzipha? Nanga kumene akupitako kuli dokotala ndi mankhwala, kapena akangomuponya m'chitokosi n'kutseka? Chitsanzo cha pangano chimene bungwe la United Nations linalemba mu 1990 chimalola dziko kukana ngati kutumiza munthuyo kungakhale kupanda umunthu poona msinkhu wake kapena thanzi lake. Ku Britain, gawo 91 la lamulo lawo la 2003 limauza woweruza kuti aimitse mlandu kapena amasule munthu ngati thupi lake kapena maganizo ake afika poti kumutumiza kungakhale kupanda chilungamo kapena nkhanza.

Ndipo lamulo limenelo amaligwiritsadi ntchito. Mu Okutobala 2012 nduna Theresa May inakana kutumiza Gary McKinnon ku America, kumene ankamufuna pa mlandu wolowa m'makompyuta a asilikali, chifukwa madokotala anati akhoza kudzipha. Mu 2018 khoti lalikulu la ku London linakananso kutumiza Lauri Love, pa mlandu wofanana nawo, ndipo thanzi lake la m'maganizo linali pakati pa zifukwa. Mu Januwale 2021 woweruza Vanessa Baraitser anakana kutumiza Julian Assange, mwini WikiLeaks, poopa kuti adzipha m'ndende za ku America. Chigamulo chimenecho chinasinthidwa mu Disembala chaka chomwecho, America italonjeza za momwe ikamusungire.

Ife sitikuwaseka anthu amenewa, ndipo inunso musawaseke. Matenda a maganizo ndi matenda. Depression imapha monga momwe BP imaphera. Tikudziwa maliro amene takhalapo m'midzi muno, a anthu amene dzulo lake ankaseka nafe. Malipoti a apolisi amaonetsa kuti ambiri odzipha kuno ndi abambo, ndiye abale athu, azichimwene athu. Munthu amene sakumva n'komwe zimene akumuimba, kumuika m'bokosi la khoti si chilungamo, ndi sewero. Ndipo munthu akafera m'manja mwa boma asanazengedwe, wolakwiridwa uja sapindula kanthu. Choonadi chapita naye kumanda.

Koma tabwererani pa maina aja. Onse atatu ndi amuna. Onse anali m'dziko lolemera. Onse anali ndi maloya odziwa ntchito, akatswiri a matenda a maganizo olemba malipoti, manyuzipepala owalemba tsiku ndi tsiku, ndi anthu onyamula zikwangwani panja pa khoti. Ufulu umenewu pa pepala ndi wa aliyense. Koma kuti uufikire pamafunika lipoti la dokotala, ndipo lipotilo silimera m'munda.

Tsopano bwerani kuno kwathu ku Dowa. Pa Dzaleka, pamene kale panali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, pakhala kampu ya othawa kwawo kuyambira 1994. Anapakonzera anthu pafupifupi 12,000. Lero pali oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena mwa azimayi a pamenepo anaona ndi maso awo abale awo akuphedwa. Ena anagwiriridwa pa nkhondo. Mu Meyi 2023 boma linayamba kutola othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'tauni. Mazana a anthu, kuphatikizapo azimayi ndi ana, anayamba asungidwa kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka. Tikudziwa, imeneyo siinali extradition. Koma ikutionetsa momwe wosauka amasamutsidwira: galimoto yafika, kwerani. Mayi amene anathawa asilikali kwawo n'kudzaona yunifomu pakhomo pake m'bandakucha, mutu wake umabwerera kuti? Ndani anaimitsa galimoto kuti afunse?

Funso lomwelo likukhudza asisi athu amene amagwidwa ku Joni n'kusungidwa ku Lindela podikira basi yobwerera. Amatsika ndi thumba limodzi ndi manyazi, ndipo kwathu timangowafunsa kuti watibweretsera chiyani.

Musaganize kuti extradition yeniyeni ili kutali ndi Dowa. Mu 2017 Malawi ndi Rwanda anasainirana pangano lopatsana anthu ofunidwa, ndipo mu Januwale 2019 Vincent Murekezi, amene ankachita bizinesi kuno, anatumizidwa ku Rwanda pa milandu ya kupulula anthu ya 1994. Sitikumulirira. Amene anapulumuka anadikira zaka 25. Koma mapempho otere adzabwerabe, ndipo tsiku lina adzatchula munthu wa m'kampu, wopanda loya, wosalankhula Chingerezi, mwina wodwaladi maganizo. Ndani adzamuyeza? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Madokotala akuluakulu a matendawa m'dziko muno ndi owerengeka. Kwa zaka zoposa 70 nkhani zimenezi zinkayendera lamulo la atsamunda la 1948. Wa ndalama adzaitanitsa katswiri wake. Wa m'kampu adzangoyang'ana pansi, ndipo adzati ndi wamwano.

Gulu lachiwiri limene sikelo imaliiwala ndi la olakwiridwa ndi abale awo.

Ambiri mukukumbuka Linda Gasa, mtsikana wa ku Zimbabwe amene ankaphunzira kuno. Anaphedwa mu 2010, ndipo thupi lake linapezeka litakwiriridwa pansi pa simenti m'nyumba ya kunyanja ku Monkey Bay. Misozi Chanthunya, amene anali naye pa ubwenzi, anathawira ku South Africa. Anamugwira mu 2012. Mkangano waukulu kumeneko unali wa chilango cha imfa, poti South Africa inachithetsa mu 1995 ndipo makhoti ake salola kutumiza munthu kumene angakanyongedwe popanda lonjezo loti sizichitika. Anafika kuno mu 2018. Khoti linamupeza wolakwa mu 2020 n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Werengani: zaka khumi. Ufulu wake wokhala ndi moyo unakambidwa m'makhoti, ndipo zinayenera kutero. Nanga abale ake a Linda, zaka khumi zimenezo ankagona bwanji? Pa mlandu wotumiza munthu, banja la wophedwa silikhala mbali ya mlandu. Limakhala pa benchi ya kumbuyo, ngati lapeza ya thiransipoti.

Nkhani imene ikuonetsa zonsezi bwino ndi ya Anni Dewani. Anali ndi zaka 28. Anaphedwa mu Novembala 2010 ku Cape Town, atangokwatiwa kumene, takisi imene anakwera ndi mwamuna wake italandidwa ku Gugulethu. Boma la South Africa linati mwamunayo, Shrien Dewani wa ku Britain, ndi amene anakonza. Iye anakana kuyambira pachiyambi. Madokotala anapeza kuti akudwala depression komanso PTSD, matenda amene amabwera munthu akadutsa m'zoopsa. Mu Malichi 2012 khoti lalikulu la ku London linaimitsa zomutumiza. Mu Januwale 2014 linalola, koma South Africa inayenera kulonjeza kuti akapanda kuchira mokwanira kuzengedwa mlandu pa nthawi yoikika, idzamubweza. Mu Epulo 2014 anafika ku Cape Town pa ndege yahayala, n'kugonekedwa pa chipatala cha matenda a maganizo cha Valkenberg. Madokotala a kumeneko atamuyeza anati akhoza kuzengedwa. Mu Disembala 2014 woweruza Jeanette Traverso anathetsa mlanduwo chifukwa umboni unali wosadalirika, ndipo Dewani anamasulidwa. Amuna ena atatu ndi amene anamangidwa pa imfayo.

Sitikumuimbanso mlandu munthu amene khoti linamumasula. Tikutolapo zinthu ziwiri. Choyamba, njira ilipo yolemekeza matenda popanda kukwirira mlandu: muyezeni, muchizeni, lonjezani za kasungidwe kake, ikani nthawi, kenaka akaime pakhoti. Chachiwiri, pa zaka zinayi zimenezo makolo a Anni ankayenda kuchokera ku Sweden kukakhala m'makhoti a maiko awiri. Matenda a mkamwini wawo anali ndi mafayilo ndi zigamulo. Chisoni chawo chinalibe gawo m'lamulo.

Ndipo pano tili ndi nkhani yathuyathu. Mu Novembala 2020 Shepherd Bushiri ndi mkazi wake Mary anachoka ku South Africa ali pa belo n'kubwera kuno. Pa milandu imene dziko limenelo likufuna kuti bamboyu akayankhe pali ya kugwiririra. Iye amaikana, ndipo oweruza si ife. Nthawi yaitali inathera pokangana ngati mboni zibwere kuno kapena zilankhulire komweko. Mu Malichi 2025 khoti la majisitireti ku Lilongwe linalamula kuti atumizidwe. Mu Okutobala khoti lalikulu linathetsa chigamulocho. Kaya mumaima mbali iti, taganizirani mkazi aliyense amene wadandaula za kugwiriridwa n'kukhala zaka zisanu osadziwa ngati adzalankhula pamaso pa woweruza. Tsiku lililonse nkhaniyo ikatuluka pa Facebook amawerenga anthu akumutukwana. Zimenezo zimachita chiyani kumutu wa munthu?

Akuluakulu amati mlandu suola. Pabwalo la mfumu mwina n'zoona. Kukhoti umaola, asisi. Mboni zimamwalira, zina zimasamuka, zina zimatopa. Amene anaona amayamba kusokoneza masiku, ndipo loya amangodikira pomwepo. Chaka chilichonse chochedwa chimapepukitsa umboni n'kulemetsa mtima wa wodikira. Ndiye tikamati matenda a woganiziridwa awerengeredwe, tikutanthauza kuti ayezedwe msanga ndi kuchizidwa msanga. Sitikutanthauza kuti fayilo ikagone mu kabati.

Pali mbali ina imene ambiri sitiiganizira. Malawi ikapempha munthu kunja, khoti la kumeneko silimayang'ana wothawa yekha. Limatiyang'ananso ifeyo. Loya wake amafunsa kuti kasitomala wanga akagona kuti, akadwala maganizo akamuona ndani, mankhwala akawapeza kuti. Yankho lathu n'chiyani? Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lathu lomwe linanena kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zonyozetsa umunthu. Chigamulocho aliyense akhoza kuchiwerenga, kuphatikizapo loya wa ku London kapena ku Pretoria. Ndiye kuti mwamuna wopha mkazi ku Malomo kapena ku Madisi, akakhala ndi ndalama zofikira dziko lolemera, Maula yomweyo isanduka mboni yake. Amene mumati akaidi azivutika, anapalamula okha, mvetsani apa. Ndende yopanda namwino wa matenda a maganizo imathandiza wothawa kuti asabwere. Kukonza ndende ndi nkhani ya azimayi.

Tikudziwa zimene ena mulembe m'makomenti. "Amanamizira." Inde, alipo amene angayese. Koma mankhwala a bodza ndi kuyeza, osati kutseka makutu. Akatswiri amamugoneka munthu masabata angapo, amamuona usana ndi usiku, amafunsa mbiri yake. Kunamiza loya amene wamulipira wekha n'kosavuta. Kunamiza gulu la madokotala osakudziwa si masewera. Choopsa si dokotala. Choopsa ndi pamene dokotala ali mmodzi yekha, ndipo wabwera ndi mbali imodzi.

Ena mutiuza kuti Malawi ndi wosauka, zimenezi n'za azungu. Ayi. Khoti lathu litathetsa chilango cha imfa chokakamiza pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, akaidi ambiri anapatsidwa mwayi womvedwanso kuyambira mu 2015, ndipo oweruza athu analandira umboni wa matenda a maganizo asanapereke chilango chatsopano. Zinachitika konkuno, ndi oweruza athu omwe. Luso lilipo. Chimene chikusowa n'chakuti likhale lamulo la aliyense, osati mwayi wa amene wapeza womuthandiza.

Ndiye tikufuna chiyani?

Choyamba, lamulo lathu la extradition linene mosabisa kuti thanzi la m'maganizo liyezedwe, ndipo woyezayo asankhidwe ndi khoti, alipidwe ndi boma. Wolemera akafuna kubweretsa katswiri wake abweretse, koma pakhale wina wosadya za mbali iliyonse. Wosauka apatsidwe loya wa Legal Aid Bureau ndi womasulira wa chinenero chake.

Chachiwiri, matenda akhale chifukwa chochizira, osati chothetsera mlandu. Khoti likaimitsa nkhani chifukwa munthu wadwala, liike tsiku lobwereranso, ndipo lipoti latsopano lifike pa tsikulo. Ngati munthu sangatumizidwe konse, boma lifufuze njira yomuzengera komwe aliko.

Chachitatu, wodandaula ndi banja lake adziwitsidwe. Asamve pa wailesi kuti mlandu wasunthidwa. Pakhale munthu mmodzi ku ofesi ya oimira boma pa milandu woti aziwaimbira foni. Apatsidwe uphungu kuyambira tsiku loyamba, osati pepala la polisi lokha. Mboni ya mlandu wogwiririra ithe kulankhula kudzera pa vidiyo, dzina lake litabisidwa, osakakamizidwa kuwoloka malire kukayang'anizana ndi khamu.

Chachinayi, munthu aliyense amene boma likumusamutsa mokakamiza, kaya ndi extradition, kaya kudipota, kaya kubwezedwa ku Dzaleka, aonedwe ndi wachipatala wodziwa za maganizo asanakwere galimoto. Ana asagonekedwe m'ndende.

Chachisanu, ndende iliyonse ikhale ndi namwino kapena kiliniko ofisala wa matenda a maganizo, ndi mankhwala amene sakutha pakati pa mwezi.

Inu amene muli m'tauni, muli ndi data ndi Chingerezi, ntchito yanu nayi. Phungu wanu akabwera kudzagawa nsalu, mufunseni za lamulo limeneli. Amene mukuphunzira zamalamulo, unamwino kapena saikoloje, nayi mitu ya kafukufuku wanu. Nkhani ya munthu wodwala maganizo pakhoti ikatuluka, musathamangire kulemba kuti "wamisala" kapena "drama". Mawu amenewo amawerenganso mnzanu amene akumwa mankhwala mobisa. Ndipo mukaona khamu likutukwana mkazi wodandaula, lowanipo, olo ndi mzere umodzi.

Ngati nkhaniyi yakukandani pachilonda, musakhale nokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira. Pitani ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi, kapena pachipatala cha boma lanu mufunse namwino wa matenda a maganizo. Nambala ya 5600 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza.

Mayi a ku Ntchisi aja tinawayankha zoona. Tinati ayi amayi, mlandu suthera pa malire. Njira yomubwezera ilipo, koma ndi yaitali, ndipo imayamba ndi fayilo imene siyenera kutayika. Tinawathandiza kulemba nambala ya fayiloyo m'kope la banki m'khonde, pamene sipangasowe. Kenaka tinapempha kuonana ndi mwana wawo. Tinamupeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, dzanja lija ataliphimba ndi nsalu. Tinamufunsa kuti, asisi, usiku mukumagona?

Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba kulankhula.

Lachinayi likudzali tikumuperekeza kuchipatala. Amene muli ndi galimoto yopita cha ku Ntchisi boma, tipezeni ku inbox.